AmaPanyaza akutha: kodi Lesufi ameneyu tizimuona bwanji ife Amalawi a ku Joni?

NaPhiri_Cosmo
Moni nonse apagulu. Ndili ndi funso limene landikhala pamtima chiyambire mwezi wathawu wa Okutobala 2025, ndipo ndikufunsa kuti ndidziwe, osati kuti tikangane. Tsiku limene analengeza kuti anyamata a yunifolomu yobiriwira aja olimbana ndi umbanda, amaPanyaza, amene anakhazikitsidwa ndi Panyaza Lesufi, Premier (mtsogoleri wa boma) wa chigawo cha Gauteng, awathetsa, ndinali kuntchito ku Randburg ndikusita. Adona anga atamva pa wailesi anawomba m'manja, amvekere Lesufi ameneyu ntchito yake n'kumwaza ndalama za misonkho basi. Madzulo ake m'takisi ya ku Cosmo City ndinakhala mpando umodzi ndi mayi ena a konkuno, misozi ili lengelenge, akuti mwana wawo ndi mmodzi wa anyamatawo ndipo palibe wandale wina amene anakumbukirapo ana a amphawi kupatula Lesufi. Ndinafika kunyumba mutu utaima. Ine ndabwera kuno 2021, zam'mbuyo sindizidziwa. Inu amene mwakhalitsa, bambo ameneyu anachokera kuti, ndipo pa awiriwa akunena zoona ndani?

Dalaivala_Midrand
Achemwali, za eni dziko zisiyeni. Ife sitivota kuno, tinadzera ntchito.

NaPhiri_Cosmo
Kuvota sindivota achimwene, koma mwana wanga ali Giredi 3 pa sukulu ya boma la Gauteng, ndipo ndikadwala ndimakagona m'chipatala cha boma lomweli. Nanga zisandikhudze bwanji?

MtchonaWaTheba
Mwafunsa bwino mwana wanga. Ine ndinabwera ndi Theba 1986 kudzagwira ntchito ya mgodi, ndipo chichokereni kumigodiko ndakhala ku Tembisa, kumene bamboyu anakulira. Panyaza Lesufi anabadwa 1968 ku Edenvale, koma anthu a kuno amamutenga ngati mwana wa pakhomo pawo.

Asanakhale nduna anali mneneri wa maofesi a boma, komaliza ku unduna wa zamaphunziro wa dziko lonse, pansi pa mayi Angie Motshekga. Chimenechi muchisunge, chifukwa munthu ntchito imene anakulira siimuchoka. Iye anakulira pa maikolofoni. Mu 2014 David Makhura atakhala Premier anamusankha kukhala nduna ya zamaphunziro ya chigawo chino, kuno amati MEC, ndipo anakhala pamenepo zaka 8.

Chimene chinamutchukitsa n'chakuti ankafika. Pa sukulu pakagwa ngozi, mwana akamwalira, m'mawa mwake Lesufi ali pakhomo pa makolo. Mu 2016 atsikana achikuda a ku Pretoria High School for Girls atadandaula kuti akuwanyoza chifukwa cha tsitsi lawo lachibadwa, anapita yekha kukawamvera n'kuimitsa malamulo a tsitsiwo. Mu 2019 chisankho chitatha, Makhura anamusamutsira ku zachuma. Anthu anakuwa, makolo ndi aphunzitsi omwe, mpaka patangopita masiku awiri anamubwezera ku maphunziro. Zaka zonse ndakhala kuno sindinaonepo anthu akulirira nduna chomwecho. Mu Juni 2022 anagonjetsa Lebogang Maile pa mpando wa wapampando wa ANC ku Gauteng, ndipo pa 6 Okutobala chaka chomwecho anakhala Premier.

Za adona anuwo, mwina muzu wake ndi uwu. Mu Disembala 2017 dipatimenti yake inalamula sukulu ya Hoërskool Overvaal ku Vereeniging, imene imaphunzitsa m'Chiafrikaans, kuti ilandire ana 55 ofuna kuphunzira m'Chingerezi. Sukuluyo inapita ku khothi n'kupambana. Chiyambire pamenepo iye ndi gulu la AfriForum, loimira olankhula Chiafrikaans, saonana ndi diso labwino, ndipo azungu ambiri amamuona ngati mdani wa chiyankhulo chawo. Kwa anthu a m'malokeshoni nkhani yomweyo inamukweza.

Aphunzitsi_Ntcheu
Madala, zonse mwanenazi n'zoona, koma mwadumpha tsamba limodzi. Nthawi ya Covid, pakati pa Juni ndi Ogasiti 2020, dipatimenti imene ankaiyang'anira inawononga R431 miliyoni pa ntchito yopopera mankhwala m'masukulu. Miyezi itatu yokha. Kupoperako sikunali ngakhale m'malangizo a boma, chimene chinkafunika ndi sopo, madzi ndi kukolopa. Makampani ambiri amene anapatsidwa ntchitoyo sanadutse m'njira yoyenera, ena ankangoitanidwa pa WhatsApp. Atolankhani a Daily Maverick ndi amene anaulula mu Januwale 2021, a SIU, bungwe la boma lofufuza za katangale, anafufuza, ndipo mu 2022 bwalo la Special Tribunal linagamula kuti makontirakitiwo anali ophwanya malamulo.

MtchonaWaTheba
Koma iyeyo sanaimbidwe mlandu pa nkhani imeneyi, aphunzitsi. Ananena poyera kuti nayenso wadzidzimuka ndipo anapempha kuti afufuze. Tisamusenzetse katundu amene khothi silinamusenzetse.

Aphunzitsi_Ntcheu
Sindinati anaba, madala, ndipo sindinganene chinthu chimene ndilibe nacho umboni. Ndikunena za udindo. Ine ndinakhala mphunzitsi wamkulu zaka 6 kwathu ndisanabwere kuno kudzalondera pageti. Matumba a ufa wa phala la ana akanasowa m'sitolo, sindikanaima pamaso pa komiti ya sukulu n'kunena kuti nanenso ndadzidzimuka. Makiyi anali m'thumba mwanga. Munthu amene ankamva za tsitsi la mwana wa ku Pretoria tsiku lomwelo, zinatheka bwanji kuti R431 miliyoni ituluke pakhomo pake iye osamva ngakhale mgugu?

Nangozo_Diepsloot
Aphunzitsi, za ndalamazo sindikutsutsani, koma mundilole ndinene chimene ndinachiona ndi maso anga. Mwana wanga woyamba ndinamufunira malo 2013. Ndinafika pageti pa sukulu 3 koloko m'bandakucha nditafunda bulangete, ndinapeza amayi ena atagona kale pamakatoni. Kutacha, amene ankalemba mayina ankayang'ana nkhope. Ukangotsegula pakamwa n'kumveka kuti si iwe wa kuno, fomu yatha. Ndinayenda masukulu atatu.

Wachisanu wanga, chitsirizira, ndinamulembetsa 2022 pa foni, nditakhala pa mpando wa kukhitchini kuntchito. Unasankha masukulu mpaka asanu, n'kupereka mapepala, basi kudikira uthenga. Uthengawo unabwera ndili m'takisi ndipo ndinafuula mpaka anthu anatembenuka. Njira ya pa intaneti imeneyi ya Giredi 1 ndi Giredi 8 anaiyambitsa ndi Lesufi mu 2016. Ndikudziwa kuti chaka choyamba inkangodukaduka, ndipo mpaka lero Januwale aliyense pamakhala ana osowa malo. Koma kompyuta siimva kuti Chizulu chako n'chopotoka. Pa chimenechi chokha ine ndimamuthokoza.

Mayi_a_Tada
Mwayi wanu anzanga. Wanga ndinakamutenga ku Mangochi mu Epulo agogo ake atamwalira, anali Sitandade 4. Makalasi apakatiwa salembetsa pa foni, umapita wekha pa sukulu. Ndinapita pa sukulu ina yapafupi ndi kumene ndimakhala, mayi wa muofesi sanandipatse ngakhale mpando. Akuti popanda pemiti ya mwana palibe chokambirana. Ndinatuluka ndikulira, mwana ali pambuyo panga atanyamula chikwama chake chatsopano. Mpaka lero ali pakhomo, amangotsuka mbale n'kumaonera anzake akudutsa ndi yunifolomu.

Mlembi_wa_Gulu
Mayi a Tada, pepani kwambiri, koma musagonje chifukwa lamulo lili mbali yanu. Mu Disembala 2019 khothi lalikulu la ku Makhanda linagamula, pa mlandu umene anakasuma a Centre for Child Law, kuti mwana sangakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala, kaya ndi wa konkuno kaya ndi wakunja. Unduna wa zamaphunziro unatumiza kalata ku zigawo zonse mu 2020 kuwauza zimenezi. Ngati kalata yobadwira palibe, mukhoza kulemba chikalata cholumbira chonena kuti mwanayo ndi ndani ndipo anabadwa liti, n'kukachidinditsa kupolisi. Akakukanizani pa sukulu, pitani ku ofesi ya maphunziro ya dera lanulo, ndipo musapite nokha.

Mayi_a_Tada
Zimenezi sindinkazidziwa n'komwe. Miyezi 7 mwana ali pakhomo.

Gadeni_Fourways
Tibwerere kwa anyamata aja. Ine sindinena kuti anali amaPanyaza chifukwa sindikudziwa, kunali mdima. Lachisanu lina mwezi wa Julayi ndikuchokera kuganyu, nditangotsika takisi, anandiimitsa anthu atatu ovala majekete owala aja. Pasipoti. Ndinawapatsa. Wina anaiyang'ana ndi tochi ya foni, n'kuiika m'thumba mwake, akuti tikambirane. Ndinali ndi R350 ya tsikulo, ndinapita kunyumba ndi R50 ndi pasipoti yanga. Chimene chimandipweteka si ndalamayo yokha, koma kuti mpaka lero sindidziwa anandiimitsawo anali ndani. Apolisi? A metro? Alonda a kampani? Anthu wamba ogula jekete pa shopu? Mayunifolomu achuluka mumsewu muno, ndipo ife tikangoona chowala timayamba kale kunjenjemera.

Dalaivala_Midrand
Aise pepa. Zinandichitikiranso ine, koma masana dzuwa likuswa mtengo.

Mlembi_wa_Gulu
Achimwene a ku Fourways mwachita bwino kusatchula gulu limene mulibe nalo umboni, ndipo ndikupempha tonse titero. Koma funso lanu, loti ndani ali ndi mphamvu yotani, ndi limene lagwetsa amaPanyaza.

Lesufi anawakhazikitsa mu 2023, anyamata ndi atsikana pafupifupi 6,000, n'cholinga chakuti azithandiza kulimbana ndi umbanda m'malokeshoni, m'zisakasa ndi m'mahositelo. Anawagulira magalimoto a BMW n'kuwatulutsa pa bwalo la masewero ndi chimwemwe chachikulu. Vuto linali lakuti kuno apolisi ndi a boma lalikulu, chigawo sichingangodzipangira apolisi ake. Miyezi inapita anawo ali mumsewu opanda lamulo lowaimira. Mu Novembala 2023 Lesufi anapsa mtima pamsonkhano n'kuopseza nduna ina kuti masiku ake atsala ochepa chifukwa chokana kuwavomereza. Dzina sanatchule, koma aliyense anamva kuti akunena Bheki Cele, amene anali nduna ya apolisi, ndipo pambuyo pake anapepesa. Mu Disembala chaka chomwecho nduna ya zachilungamo Ronald Lamola inawapatsako mphamvu zofanana ndi za apolisi a pamsewu a chigawo, koma mafunso sanathe.

Mwezi wathawu mkulu wa apolisi ku KwaZulu-Natal, Nhlanhla Mkhwanazi, anauza komiti ya nyumba ya malamulo kuti gululi ndi losavomerezeka. Kenako Public Protector, amene ali ngati Ombudsman wa kwathu, mayi Kholeka Gcaleka, anatulutsa lipoti lonena kuti linakhazikitsidwa popanda lamulo lolichirikiza. Lesufi analengeza kuti gululi litha pang'onopang'ono ndipo anawo awaphunzitsanso kuti akhale apolisi a pamsewu.

China chimene aliyense pano achidziwe: pa 4 Novembala 2025 khothi lalikulu la Johannesburg, pa mlandu wokhudza Operation Dudula, gulu lothamangitsa anthu akunja, linanena kuti amene ali ndi mphamvu yofunsa munthu pasipoti ndi apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka okha basi. Munthu wamba alibe mphamvu imeneyo, ngakhale ataima pageti pa kiliniki.

Gadeni_Fourways
Zikomo alembi. Koma usiku, uli wekha, atatu akuzungulira, chigamulo cha khothi ungachitulutse m'thumba liti?

Aphunzitsi_Ntcheu
Apa ndiye pamene ndimanena ine. Maganizo ake sanali oipa. Umbanda ulipodi, ndipo ana osowa ntchito ndi ambirimbiri. Koma anayamba ndi kugula yunifolomu ndi magalimoto, lamulo n'kumalifunafuna pambuyo. Ndi chimodzimodzi matabuleti aja anagawa m'masukulu kuyambira 2015, akuti choko chatha ntchito. Akuba anayamba kuthyola masukulu ndi kulanda ana panjira. Iye amathamangira tsiku lodula riboni. Amene akuvutika lero ndi mwana wa mayi a m'takisi aja, amene anakhulupirira kuti wapeza ntchito ya moyo wake wonse.

Dalaivala_Midrand
Chabwino, ndinati sindilowerera, koma pa e-toll, msonkho wa pamsewu uja, mundimve. Ine ndimadutsa pansi pa zitsulo zija za N1 ndi R21 kangapo patsiku, kupita ndi kuchokera ku eyapoti. Kale mwini galimoto ankandidula za e-toll sabata iliyonse ndisanaone ngakhale ya mafuta. Zinayamba Disembala 2013, andale onse ankangolonjeza kuti azichotsa. Usiku wa pa 11 Epulo 2024 anazithimitsa, Premier ali Lesufi. Amene walonjeza n'kuchita, mupatseni ulemu wake.

Aphunzitsi_Ntcheu
Achimwene, zinathimadi, koma onani kalendala. Chisankho chinali pa 29 Meyi, patangotsala masabata 7. Ndipo amene anapha e-toll kwenikweni ndi oyendetsa galimoto amene anakana kulipira kwa zaka 10, pamodzi ndi mabungwe a OUTA ndi Cosatu. Ngongoleyo sinafe. Boma lalikulu linatenga gawo lalikulu, Gauteng inavomera kulipira 30 peresenti, R12.9 biliyoni, kuwonjezera chiwongola dzanja. Ndalama imeneyo ikuchokera m'thumba lomwelo limene limagula mankhwala m'zipatala ndi kumanga makalasi amene Mayi a Tada akuwasowa.

Dalaivala_Midrand
Olo zili choncho, ine Lachisanu ndimalandira yathunthu.

Mkamwini_Soweto
Mkazi wanga ndi wa ku Meadowlands, ndiye ine nkhanizi ndimazimvera patebulo pa apongozi. Mlamu wanga wamng'ono anakhala zaka 4 pakhomo ndi satifiketi yake. Nasi iSpani, ndondomeko ya Lesufi yolemba ntchito achinyamata, itayamba mu 2023 analembedwa kukathandizira aphunzitsi. Malipiro oyamba anagulira amayi ake filiji, ndipo tsiku limene inafika apongozi anaitana anthu oyandikana nawo kudzaiona. Banja limenelo simungaliuze choipa cha Lesufi. Komanso ndi anthu a Moroka Swallows kuyambira kwa agogo awo, ndipo amakumbukira kuti timuyo itagwa mpaka pansi iye ndi mmodzi mwa amene anaidzutsa, n'kubwerera mu ligi yaikulu 2020.

Aphunzitsi_Ntcheu
Ndipo chisankho cha 2024 chitangodutsa, makontirakiti a achinyamata masauzande othandizira m'masukulu anatha. Ngakhale ndi zonsezo ANC inapeza mavoti osakwana 35 peresenti ku Gauteng, mipando 28 pa 80. Mu 2024 anapanga boma pamodzi ndi zipani zing'onozing'ono, IFP, PA ndi Rise Mzansi, atalephera kumvana ndi chipani cha DA.

Mkamwini_Soweto
Filiji ija ikugwirabe ntchito, aphunzitsi.

MwanaWaKuMpoto
Ine ndikuwerenga zonsezi mtima ukundiwawa pa chifukwa china. Taonani mmene mukumufunsira munthu mmodzi za masukulu, zipatala ndi misewu ya chigawo chake. Ali ndi dzina, ali ndi bajeti, ali ndi nyumba ya malamulo ya chigawo imene ingamuchotse. Kwathu Kumpoto tikafuna kufunsa za msewu wa Rumphi kudzera ku Nyika mpaka Chitipa, kapena yunivesite ya Mombera imene anaiikira mwala wa maziko ku Mzimba kalekale, timafunsa ndani? Zonse zimathera ku Capital Hill. N'chifukwa chake ena a ife timalankhula za feduro, anthu n'kumati tikufuna kugawa dziko.

Gadeni_Fourways
Ayi achimwene, kadziko kathu kachepa. Mukufuna tiwonjezere anthu ena atatu oyenda ndi mdipiti wa magalimoto?

MwanaWaKuMpoto
Kuchepa kwa dziko si nkhani. Kuchoka ku Chitipa kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo amene amagawa ndalama ambiri sanapondeko.

MtchonaWaTheba
Nthawi ya Kamuzu kunali nduna za zigawo, Kumpoto, Pakati ndi Kumwera, koma ankawasankha ndi iye mwini ndipo ankaopa iye, osati anthu. Lero zatsala ndi magavanala a zipani, amene ntchito yawo ndi misonkhano. Mwana wa Kumpoto ali ndi mfundo, kungoti Gauteng yomweyi ikutionetsa kuti kukhala ndi Premier sikuletsa ndalama kusowa. Ku chipatala cha Tembisa kuno a SIU anena mu Seputembala kuti zinabedwa ndalama zoposa R2 biliyoni, ndipo mayi Babita Deokaran amene anayamba kuulula anawomberedwa pakhomo pawo mu Ogasiti 2021. Zimenezo zinachitika Lesufi asanakhale Premier, koma kukonza kwake kuli m'manja mwake tsopano.

Zomba_Malosa
Pepani kudula nkhani, alipo amene akupita kumudzi kumayambiriro kwa Disembala wodzera ku Mwanza? Ndili ndi kakatoni kamodzi ka mankhwala a amayi ndi nsapato za ana.

Dalaivala_Midrand
Msuweni wanga anyamuka pa 6, ndikulumikizani kumbali.

Mlembi_wa_Gulu
Za katundu kumbali chonde. Che Mayfair akhala akulemba kwa nthawi, tiwapatse mpata.

Che_Mayfair
Salaam abale nonse. Ndakhala ndikulemba n'kumafufuta, chifukwa nkhani imene ndikufuna kunena ndi yolemera. Mwakamba za masukulu, za misewu, za filiji. Palibe amene watchula Usindiso.

Usiku wa pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ya pa 80 Albert Street ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anafa, ndipo pakati pawo panali Amalawi anzathu, ambiri a kwathu ku Mangochi ndi Machinga. Ankakhala mmenemo chifukwa lendi ya kachipinda kodulidwa ndi mabolodi ndi imene akanakwanitsa. Ine ndimasoka zovala ku Mayfair, ndipo m'mawa umenewo makina sindinawakhudze. Foni inkangolira, anthu akumudzi kufunsa ngati ndamuona uje, ngati ndamuona uje. Tinapita ndi akuluakulu a kumzikiti kwathu ku nyumba ya chisoni ya ku Diepkloof. Zimene ndinaona kumeneko sindizilemba pano. Ndingonena kuti ife Asilamu timaika maliro mwamsanga, koma mabanja anadikira masabata kuti DNA inene kuti uyu ndi ndani, chifukwa nkhope panalibe. Mnyamata wina amene ndinkamudziwa, wogulitsa masokosi pamsewu, anapulumuka podumpha pawindo, miyendo yonse iwiri inathyoka. Chimene ankandifunsa m'chipatala si za miyendo yake, koma pasipoti yake imene inapsa. Tinasonkha ma R50 ndi ma R100 kuti ena akagone kwawo, ulendo wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza.

Lesufi anafika pamalopo tsiku lomwelo, monga mwanenera madala kuti amafika. Anakhazikitsa komishoni yofufuza, wapampando wake mayi Sisi Khampepe amene anali woweruza wa khothi lalikulu la malamulo a dziko. Pamenepo ndinamulemekeza, chifukwa opulumuka, ngakhale akunja, anapatsidwa mpata wolankhula. Lipoti loyamba linatuluka mu Meyi 2024 ndipo silinabise mawu: mzinda wa Johannesburg ndi kampani yake yoyang'anira nyumba ankadziwa kwa zaka kuti nyumbayo ndi msampha, osachitapo kanthu. Linati nyumbayo igwetsedwe ndipo paikidwe chikumbutso cha omwalirawo.

Koma komishoni ili mkati, mu Novembala 2023, ena mwa opulumuka amene ankasungidwa mu holo ya Hofland Park ku Bez Valley anagwidwa chifukwa chosowa mapepala n'kutumizidwa ku Lindela, kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo, anthu oti katundu wawo yense anapsa. Ena anawapititsa ku tizisakasa ta malata ku Denver. Mu Ogasiti chaka chino, pokumbukira zaka ziwiri, ndinadutsa pa Albert Street. Nyumba ija inali chiimire, makoma akuda ndi utsi.

Ndiye mukandifunsa za Lesufi, achemwali a ku Cosmo, ine yankho langa ndi limeneli. Pa maliro anabwera, ndipo analankhula mawu abwino. Ine ndikudikirabe tsiku limene adzabwere kudzationetsa kuti zimene mayi Khampepe analemba zachitika.

NaPhiri_Cosmo
Che Mayfair, ndawerenga ndikulira. Mulungu awasunge abale athuwo.

MwanaWaKuMpoto
Pepani Che. Mizimu yawo iuse mumtendere.

MtchonaWaTheba
Che, mwandikumbutsa zowawa. Nyumba imeneyo ife akale timaidziwa, nthawi ya tsankho inali ofesi ya mapasi, kumene munthu wakuda ankakaima pamzere kuti amulole kukhala mu Johannesburg. Ndingowonjezera chimodzi kuti tisalakwitse poloza chala. Nyumbayo ndi ya mzinda, osati ya chigawo, ndipo kugwira anthu opanda mapepala ndi ntchito ya boma lalikulu. Mzindawu wasinthanso mameya kambirimbiri chiyambire 2021, moti ena mayina awo tinaiwala. Si zonse zili pamutu pa Premier.

Che_Mayfair
N'zoona madala, ndipo sindikumuika mlandu wa moto. Koma komishoni anaiitana ndi iye, lipoti analilandira ndi manja ake pamaso pa makamera. Meya amene analipo ndi amene alipo lero akhala pampando ndi mavoti a chipani chake. Akafuna kuti chinthu chichitike msanga amadziwa kuchikankha, taona pa e-toll.

Dalaivala_Midrand
Apa Che mwanena zoona. Sabata zino ndikuona ndi maso anga, misewu yopita ku Sandton ndi ku Nasrec akuikwirira maenje usiku ndi usana, magetsi a mumsewu akuyaka, udzu akutchetcha, chifukwa cha msonkhano wa G20 wa pa 22 ndi 23 mwezi uno. Ndiye kuti zida zilipo ndipo anthu ogwira ntchito alipo. Ndikatsitsa kasitomala ku Jeppestown ndimabwerera mumdima womwe uja.

Mkamwini_Soweto
Ndiwerengera apongozi zimene alemba Che Mayfair. Sindikudziwa ngati anamvapo mbali imeneyi.

NaPhiri_Cosmo
Zikomo nonse, makamaka madala a ku Tembisa ndi aphunzitsi, ngakhale simunagwirizane. Mayi aja ndinakumana nawonso dzulo pa renki. Akuti mwana wawo akupitabe kuntchito koma sanauzidwe ngati ali m'gulu loyamba lokaphunzira za pamsewu kapena ayi, ndipo usiku sagona, amangoyang'ana foni. Ndinawauza za Usindiso pang'ono, anagwira pakamwa, akuti ankaganiza kuti nyumbayo anaigwetsa kale. Tinatsika limodzi, anandithandiza kunyamula thumba la ufa mpaka pakona.

Nangozo_Diepsloot
Mayi a Tada, ine Lachinayi sindigwira ntchito. Ngati mungapemphe kwa abwana anu theka la tsiku, tipitire limodzi kupolisi kukadinditsa chikalata chija, kenako ku ofesi ya maphunziro. Chizulu changa n'chokwanira kukangana nacho. Mwanayo mubwere naye, amuone ndi maso awo.

Mayi_a_Tada
Ndapempha kale, andilola kuyambira 10 koloko. Ndili ndi kabuku kake ka kusikelo ndi lipoti la teremu yoyamba la ku Mangochi, anakhala nambala 3 m'kalasi. Nditenge zonse ziwiri?

Nangozo_Diepsloot
Tengani zonse, ndi pasipoti yanu, ndi kalata ya eni nyumba yosonyeza pamene mukukhala. Mupangitsiretu mafotokope awiriawiri, zenizenizo musazisiye m'manja mwa munthu.